A Chidule Asanakwere Lole

Bwana majisitireti, bwana oyang'anira maofesi a khoti lino, akuluakulu apolisi oimira boma pa milandu, maloya amene mwabwera ngakhale lero palibe wokulembani ntchito, anzanga makalaliki, amesenjala, alonda ndi osesa, mayi akunyumba kwa amene tikutsanzikana nawowa, ana, apongozi ndi zidzukulu, ndakupatsani moni nonse. Ngati pali amene ndamudumpha asakwiye. Andipeze pakhonde tikatha, ndimupatsa moni wake payekha.

Kwa inu alendo, ine ndine mesenjala wa khoti lino. Ndine uja ndimagogoda chitseko bwana akamalowa kuti nonse muimirire. Ndimaitana mayina pakhonde, ndimanyamula mafayilo, ndimatsegula mawindo. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, ndiye Chingerezi musachiyembekezere. Komiti itandisankha kuti ndilankhule ndinafunsa chifukwa chake. Anandiuza kuti ndine ndakhalitsa nawo bambowa. Pambuyo pake ndinamva kuti ena onse anakana.

Bambo akupumawa ndi kalaliki wa m'khoti. Ndiwo amawerenga mlandu, ndiwonso amamasulira zimene anthu akunena kuti zilembedwe m'Chingerezi. Dzina lawo lenileni amalidziwa ndi a ku ofesi ya penshoni. Ife timati a Chidule. Zidzukulu, musayang'ane agogo anu aakazi, nawonso amawaitana choncho akakhala kuti palibe.

Sabata yawo yoyamba ine ndinali ndisanayambe ntchito. Nkhaniyi ndinaimva kwa mlonda wakale uja, malemu tsopano, ndipo akufa sitiwatsutsa. Akuti anafika kusanatsegulidwe, atavala jekete lobwereka, manja ake ofika m'zala. Pokhala kalaliki sanapadziwe. Kuseri kwa khoti anaona benchi lalitali, anthu atakhala chete mwaulemu. Iwo amvekere, anzanga antchito ndi amenewa. Anawapatsa moni wapadzanja mmodzimmodzi, n'kukhala pakati pawo. Linali benchi la oimbidwa milandu. Wapolisi atafika anangoti onse dzukani, n'kuwalondolera kuchitokosi.

"Bwana, ine ndine kalaliki watsopano."

"Dzulo tinali ndi bishopu muno. Lowa."

Anakhalamo mpaka dzuwa kufika pamutu. Kukhoti majisitireti akudikira kalaliki, kuchitokosi kalaliki akudikira majisitireti. Atawatulutsa, nsapato zili m'manja, akuti ananena mawu amodzi okha: "Malo aja munthu asamachedwemo." Kuyambira tsiku limenelo a Chidule anadana ndi chilichonse chochedwa.

Ine nditayamba ntchito ndinadzionera ndekha. Kunabwera mboni, bambo wina wogulitsa makala, pa mlandu wa njinga yobedwa. Bamboyo anayambira kutali. Anafotokoza mmene anabwerera m'tauni, za mkazi wake woyamba, za mwendo wake umene umatupa kukazizira, kenako za njinga, kenako n'kubwereranso kwa mkazi woyamba uja. Anthu anayamba kusinza. Atamaliza, a Chidule anatembenukira kwa bwana n'kumasulira: "Akuti njingayo anaiona." Bwana anavula magalasi.

"Zonse zija?"

"Zinazo ndi za kuchipatala, bwana."

Kunyumba ndi chimodzimodzi. Mayi, mundikhululukire, munandiuza nokha. Akuti pofunsira mbeta anangoti, "Ndakuonani. Yankho Lachisanu." Ndipo ana mukhoza kuchitira umboni kuti pemphero la chakudya kwanu limakhala lotani. "Ambuye, mwaona nokha. Ameni." Mwana wamkuluyo akugwedeza mutu. Zoona.

Nanga jekete lija? Amene munalowapo mu ofesi mwawo mukulidziwa, labulauni, lokhala pampando. Ukafunsa kuti a Chidule ali kuti, amakuuza kuti ali pompano, si ilo jekete lawo. Ukabweranso masana, jekete lili pomwepo, likugwirabe ntchito. Eni ake ali kwa ometa tsitsi, akudula mlandu wa mpira. Bwana oyang'anira maofesi, ine ndikupempha kuti jekete lija nalonso muliganizire. Silinajombepo, silinadwalepo, silinapempheko tchuthi.

Koma chimene anatchuka nacho kwambiri ndi ulaliki wa m'mawa. Khoti lisanayambe, a Chidule amapita pazenera la chitokosi, manja ali kumbuyo ngati m'busa woyendera odwala. Amayang'ana nkhope imodziimodzi. Kenako mawu aja amene ngakhale makoma ano akuwadziwa: "Vomera mwanawe, ukagone kwanu." Wina akati, "Koma bambo, sindinamve n'komwe mlandu wanga," iwo amati, "Ukaumva ukuvomera." Wovomera mlandu safuna mboni, safuna masiku. Bwana amangogamula, fayilo yatsekedwa, kalaliki waweruka dzuwa likadalipo. Tsiku lina ulalikiwu unagwira mtima bambo wina amene anangokhala pafupi ndi zeneralo. Nditamuitana dzina analowa, n'kukweza dzanja, n'kunena kuti akuvomera. Anali mboni.

Mukuseka, koma ndinene chilungamo. Ambiri anathandizika nazo. Oledzera osokosera usiku, ogulitsa malonda pamalo oletsedwa, omenyana pa mpopi, anavomera, anadzudzulidwa, ena anasesa pachipatala, n'kukagonadi kwawo. Mukayenda nawo mumsika a Chidule simuyenda, aliyense akufuna kuwagwira chanza.

Ndipo ine pandekha ndili ndi chowathokozera chimene sindingachimalize. Chaka china kunabwera lamulo lakuti amesenjala opanda setifiketi ya sekondale achotsedwe. Ine ndinayamba kutsanzika. Kunyumba sindinkadya. A Chidule anavala jekete lija, tsiku limenelo analivaladi, n'kukalowa mu ofesi ya bwana wamkulu wa nthawiyo. Ine ndinaima panja. Anthuni, analankhula. Analankhula mpaka tiyi wa bwana anazizira, anabweretsa wina, nayenso anazizira. Sindinawamvepo akulankhula motalika choncho, kale kapena pambuyo pake. Atatuluka anangondiuza kuti, "Katsegule mawindo." Ndikutsegulabe mpaka lero. Ana anga aphunzira chifukwa cha m'mawa umenewo. Ndiwonso anandiphunzitsa kusanja mafayilo, osandiseka ndikasokoneza. Ndipo mwana wamng'ono akabwera kudzachitira umboni, ali njenjenje, bambo omwewa amachoka pampando n'kukhala pansi pambali pake mpaka mwanayo atsegule pakamwa. Apo sathamanga. Achimwene, zikomo. Ndikunena pamaso pa mayi ndi ana anu, zikomo kwambiri.

Tsopano ndafika pa nkhani yovuta.

Bwana majisitireti, ndikupempha mwaulemu wonse. Mutuluke pang'ono. Mukaone ngati galimoto yanu ili bwino pamene munaiimika. Zimene nditi ndinene zikukhudza mlandu umene uli m'manja mwanu, ndipo munatiphunzitsa nokha kuti woweruza samvera mlandu paphwando. Botolo lanulo tengani. Ndikutumizirani munthu tikatha. Pepani bwana. Zaka zonsezi ndakhala ndikukulowetsani, lero ndakutulutsani.

Alonda, tsekani chitseko. Zikomo.

Ena mukumudziwa telala uja. Kwa amene simukumudziwa, ndi bambo wosoka zovala pakhonde la sitolo, wamfupi, wa mawu otsika. Mlamu wake anabwereka makina osokera a telalayo, akuti asokere mayunifolomu a sukulu, abweza mwezi ukatha. Mwezi unatha. Miyezi inatha. Telala akapita kukafunsa, mlamu akuti mawa. Tsiku lina masana, anthu akuona, telala anapita kunyumba kwa mlamuyo, anapeza kokhoma, anazula loko, anasenza makina ake pamutu n'kubwerera kukhonde kwake. Loko uja anamusiya pawindo pamodzi ndi misomali yake. Mlamu anathamangira kupolisi.

M'mawa wa mlandu wake ine ndinali pachitseko cha chitokosi, ndikudikira kuitana mayina. A Chidule anafika pazenera monga mwa masiku onse. Telala anayamba kufotokoza. Iwo anamudula.

"Ndi zapachibale izi?"

"Eya bambo, ndi mlamu wanga, koma makinawo..."

"Vomera. Bwana akudzudzula pang'ono, madzulo ukagona kwanu."

"Ndikagonadi kwathu, bambo?"

"Ndayamba ntchito ino iwe usanabadwe."

Fayilo anali asanaitsegule. Anaitsegulira m'khoti, powerenga. Sunali mlandu wokangana pachibale. Unali wothyola nyumba ndi kuba, mlandu wa ndende, zaka osati miyezi. Ndinawaona a Chidule akuima pang'ono pakati pa chiganizo. Koma telala anali atameza kale ulaliki. Atafunsidwa, anayang'ana a Chidule, n'kunena kuti akuvomera. Bwana analemba. Chilango anati adzapereka tsiku lina, ndipo telala anakwera galimoto ya ndende. Kwawo sanagoneko mpaka lero.

Mkazi wake mukumudziwa nonse, ngakhale simunamufunsepo dzina. Ndi mayi uja amakhala pabenchi la pakhonde ndi kathumba ka pulasitiki. Amabwera ngakhale tsiku lopanda mlandu wa mwamuna wake. Ndikamatsegula mawindo amandifunsa, "Achimwene, lero?" Ine ndimati ayi mayi, si lero. Amakhalabe. Mbali ina mwamuna, mbali ina mlamu uja, amene ndi mchimwene wake weniweni. Makina ali kupolisi ngati umboni, ndiye panyumba palibe akusoka.

Mayi loya othandiza osauka, awo akhala kumapetowo, anautenga mlanduwu. Anandifotokozera bwinobwino, ndipo ndinawapempha abwereze kuti ndisalakwitse. Akuti chilango chisanaperekedwe, munthu akhoza kupempha khoti kuti abweze mawu ake ovomera, mlandu uyambirenso, mboni zibwere, iye afotokoze mbali yake. Koma sangangonena kuti ndasintha maganizo. Khoti si sitolo yobwezako malaya. Ayenera kuonetsa kuti sanavomere mwa kufuna kwake, kuti wina anamulonjeza kanthu kapena anamusokeretsa. Ndanena bwino, mayi loya? Akuti ndanena bwino.

Pempho limeneli likumvedwa Lolemba likubwerali. Telala adzanena kuti anauzidwa. Oimira boma adzati aliyense akalawa ndende amatero. Ine ndidzaima m'bokosi la mboni, ndavomera kale, ngakhale chivomerereni sindikugona bwino. Koma adzandifunsa kuti pachitseko paja panali phokoso kapena ayi, ndinaima kutali bwanji, ndinamva ndi khutu liti. Mukundidziwa ine. Akandifunsa kawiri ndimayamba kukayika ngakhale dzina langa. Pali munthu mmodzi yekha amene akanena kuti "ndinamuuzadi", nkhani yatha. Ndi uyo wavala duwa pachifuwayo.

Ndipo munthu ameneyo lole yake ikunyamuka mawa m'mawa. Katundu wamangidwa kale, ndinathandiza nawo kumanga. Kumene akupita ndi kutali, foni imagwira ukakwera pachulu.

Musaganize kuti ndayambira pano. Ndinawatsatira mu ofesi, anati ali otanganidwa. Ndinawatsatira kwa ometa, anati tikambirana. Dzana ndinawapeza pa geti, anandiuza kuti, "Ine ndapuma, mphwanga." Ndiye komiti itandipatsa chokuzira mawu ichi, ndinati mwina Mulungu waona kuti mawu anga ndi ochepa.

Achimwene, sindikukunamizani kuti n'zophweka. Mudzaima m'bokosi limene mwaimitsamo anthu moyo wanu wonse. Mudzalumbira. Mnyamata amene walowa m'malo mwanuyo ndiye adzakumasulirani, ndipo ndamuona, sadula kanthu. Mudzanena pamaso pa bwana kuti kalaliki wa khoti analonjeza munthu chigamulo asanatsegule fayilo. Bwana adzakuyang'anani pamwamba pa magalasi. Mwina adzalankhula mawu owawa, ndipo adzalembedwa. Anthu a mumsika aja adzamva. Ine sindingakuuzeni kuti madzulo ake mudzagona bwino. Zolonjezana zija n'zimene zatifikitsa pano.

Komanso sindikunena kuti telala alibe mlandu. Loko anazuladi. Zimenezo adzaweruza ndi bwana, atamva mbali zonse. Ine ndikungoti munthuyo amvedwe. Anayamba chiganizo pazenera paja, mpaka lero sanachimalize.

Oimira boma, botolo lanu laima panjira yopita kukamwa. Wakutsina khutu ndi mnansi, achimwene. Ndikanakhala kuti sindikukondani ndikanangonena za jekete, tonse n'kuomba m'manja, inu n'kukwera lole.

Mwati bwanji, mayi? Kwezani mawu pang'ono, akumbuyo amve.

Mayi akuti nkhaniyi akuimva koyamba. Akuti n'chifukwa chake bambo masiku ano akungotembenuka pabedi, iwo amayesa ndi nsikidzi za m'makatoni. Akuti lole inyamuka mawa monga mwa pangano, iwo akwera ndi katundu ndi zidzukulu. Akuti pampando wakutsogolo pakhala wailesi. Bambo atsala ndi kachikwama kamodzi, adzabwera pa basi akamaliza zimene anayamba.

Dikirani, musaombe m'manja. Pepani, dikirani. Ine ndi munthu wamantha, ndipo zinthu zochitika mothamanga ndaziona mapeto ake. Amene ayankha ndi mayi. Eni ake sanatsegule pakamwa. Munthu akavomera chifukwa chipinda chonse chikumuyang'ana, mkazi wake atamugwira mkono, ameneyo Lolemba akhoza kudzabweza mawu, ndipo mayi loya omwewa angamuthandize. Mayi, asiyeni kaye mkonowo. Sunthani mpando pang'ono. Ana, yang'anani kumbali.

Achimwene, imirirani. Ndikufunsani mmene bwana amafunsira munthu asanalembe. Mwamva chimene mukupemphedwa? Mukudziwa kuti chikhoza kukuchititsani manyazi? Pali amene wakulonjezani kanthu? Pali amene wakuopsezani, kupatula mayi?

Tengani chokuzira mawuchi. Ayi, akukana, akuti mawu awo ndi okwanira. Ndibwereza ine kuti akumbuyo amve.

Akuti anamuuzadi telala uja. Akuti fayilo anali asanaiwerenge. Akuti pamene ankawerenga mlandu m'khoti anadziwa kuti amuponya m'dzenje, koma anachita manyazi kuima pamaso pa bwana. Akuti mayi wa pakhonde uja akhala akumuzemba polowera khomo lakumbuyo. Akuti Lolemba abwera, mwa kufuna kwawo, ndipo ndisawaitane mokuwa ngati mmene ndimaitanira ena.

Zimenezo ndiye sindingalonjeze, achimwene. Mboni ndi mboni.

Mayi loya, mwamva. Oimira boma, mwamva, ndipo botolo lija mukhoza kulifikitsa. Mmodzi wa inu osesa, mawa mukamuona mayi wa pakhonde uja musamuuze zambiri, si ife oweruza. Mungomuuza kuti Lolemba abwere msanga, akhale kutsogolo.

Kwatsala nkhani ya kogona, popeza nyumba ya boma mukuibweza mawa. Mugona kwathu. Chipinda cha ana chilipo, bedi lake ndi lalifupi koma inunso si aatali. Mayi akunyumba kwanga ali pakati panupo, ndipo nawonso akuimva koyamba. Ndikuona mmene akundiyang'anira. Mlandu umenewo ndikauyankha ndekha kunyumba.

Alonda, kaitaneni bwana. Muwauze kuti galimoto aiona mokwanira.

Nonse imirirani, bwana akulowa. Pepani, chizolowezi. Koma imiriranibe, zatithandiza.

Bwana, takulandiraninso. Simunaphonye kanthu, timakambirana za ulendo. Wasintha pang'ono.

Achimwene a Chidule, mwagwira ntchito, tsitsi lachita kuyerera m'khoti muno. Mwatiseketsa, mwatikwiyitsa, mwatiweruketsa msanga. Mukakafika kwanuko mukapume. Mukadzuke dzuwa litakwera, popanda wogogoda chitseko. Mukalime pang'ono, mukagone masana pansi pa mtengo. Anthu akumeneko akakabwera ndi milandu yawo ya nkhuku ndi malire a minda, chonde, mukawatumize kwa ena. Mayi, muwasamale bambowa, ndipo zikomo potibwereka masiku owonjezerawa. Mulungu akupatseni zaka zambiri, nonse awiri, ndi mawondo olimba.

Tsopano manja aja ndinakuletsani aja, atulutseni. Tiwaombere a Chidule, mokweza, mpaka amve ndi a kuchitokosi.